Pulogalamu ikagwa ku Migowi, aidzutse ndani?

Pakompyuta iliyonse pamakhala mapulogalamu a mitundu iwiri. Ena ndi oonekera: munthu amawatsegula, n'kulembamo zomwe akufuna, akamaliza n'kuwatseka. Ena saoneka n'komwe. Amayamba okha kompyuta ikangoyaka ndipo amagwira ntchito kuseri, usana ndi usiku, popanda wowalamula. Akatswiri a zamakompyuta amawatcha ma daemon. Anthu ambiri amadziwa kuti mapulogalamu oterewa alipo patsiku lomwe imodzi yagwa, ntchito n'kuima.

M'maofesi a mumzinda wa Blantyre kapena Lilongwe, vuto lotere limatha msanga chifukwa katswiri amakhala pafupi. Ku Migowi m'boma la Phalombe zinthu n'zosiyana. Kumeneku n'komwe kuli chipatala chachikulu cha bomali, cha John Chilembwe, ndipo bomali lili ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018. Kupitirira Migowi kuli zipatala zing'onozing'ono, zina kufupi ndi nyanja ya Chilwa, zina chakumalire ndi dziko la Mozambique. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy ataononga misewu ndi milatho m'bomali, madera ena adakhala masiku angapo osafikika pagalimoto. M'malo otere, pulogalamu yomwe imadikira munthu kuti adzaiyatsenso ikhoza kudikira nthawi yaitali.

N'chifukwa chake akatswiri adakonza njira zoti pulogalamu ikagwa izidzutsidwa yokha. Njirazi n'zothandiza kwambiri, koma zili ndi malire ake, ndipo malirewo amaoneka bwino m'mapulogalamu omwe amasunga mbiri ya mapulogalamu anzawo.

Kaundula wa kusintha kulikonse

Pulogalamu ya pakompyuta ndi mizere masauzande ambiri ya malamulo yomwe anthu amalemba, ndipo siitha kulembedwa. Lero wina akonza cholakwika, mawa wina aonjezera gawo latsopano. Pakadapanda kaundula, palibe akadadziwa kuti wasintha mzere wakuti ndani, liti, ndipo chifukwa chiyani. Ntchito yosunga kaundulayu imagwiridwa ndi mapulogalamu omwe pa Chingerezi amatchedwa version control. Mapulogalamuwa amasunga kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la wosinthayo, ndipo amalola kubwerera ku momwe zinthu zidalili dzulo kapena chaka chatha ngati zatsopanozo zasokoneza.

Yotchuka kwambiri masiku ano ndi Git, yomwe Linus Torvalds adailemba mu Epulo 2005 pofuna kusunga mbiri ya Linux. Isadabwere Git, ambiri ankagwiritsa ntchito Subversion, yomwe ntchito yoilemba idayamba m'chaka cha 2000, ndipo ilipobe mpaka lero.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi kuposa momwe ambiri amaganizira. Bungwe la Baobab Health Trust, lomwe adaliyambitsa ndi Gerry Douglas, lidayamba kuika makompyuta odina ndi chala pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001. Mu 2006 pulogalamu yosunga mbiri ya olandira mankhwala a ma ARV idayamba kugwira ntchito pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, kenako idafalikira m'zipatala zambiri za m'dziko muno. Mu 2019 ntchito yoyang'anira makinawa idapita m'manja mwa bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Malamulo a mapulogalamuwa amasungidwa ndi Git, pa tsamba la GitHub. Poti intaneti ndi magetsi n'zosadalirika, omwe adakonza makinawa adasankha kuti seva, yomwe ndi kompyuta yosunga zonse, izikhala pachipatala pomwepo ndipo iziyendera mabatire. Kutanthauza kuti kompyuta yofunika kwambiri imakhala kutali ndi anthu omwe adalemba zomwe zili m'kati mwake.

Antchito a kuseri

Mapulogalamu osunga mbiriwa nawonso ali ndi antchito awo a kuseri, ndipo zitsanzo zitatu zikukwanira.

Choyamba chili mu TortoiseSVN, pulogalamu yothandiza anthu a Windows kugwiritsa ntchito Subversion. Pa fayilo iliyonse imaonetsa kachizindikiro: kobiriwira ngati fayiloyo siidasinthe, kofiira ngati yasintha. Yemwe amayendera mafayilo onse n'kukumbukira momwe alili ndi kapulogalamu kotchedwa TSVNCache. Kakagwa, zizindikirozo zimaleka kunena zoona kufikira katadzutsidwanso, ndipo TortoiseSVN imakayatsanso yokha ikakafuna.

Chachiwiri chidalowa mu Git mu 2022. Ndi kapulogalamu kotchedwa fsmonitor, komwe kamakhala tcheru kumvetsera mafayilo omwe asintha, kuti munthu akafunsa, Git isachite kuwerenga mafayilo onse limodzilimodzi. Pantchito yokhala ndi mafayilo masauzande mazanamazana, kapulogalamuka kamafupikitsa kwambiri nthawi yodikira. Kwa omwe adakasankha, Git ikapeza kuti sikakuyankha imakayatsa yokha.

Chachitatu ndi wosesa. Git imasunga kusintha kulikonse m'tizidutswa, ndipo tizidutswato tikafika pafupifupi 6,700, imayatsa kuseri ntchito yotchedwa gc, yomwe imatimanga mtolo umodzi ndi kutaya tosafunika, mwini kompyuta akupitiriza ntchito yake.

Zimagweranji?

Zifukwa zina zimachokera m'kati mwa pulogalamu: cholakwika chomwe wolemba sadachione, kapena kudya malo ambiri m'chikumbumtima cha kompyuta mpaka kompyutayo kuipha dala kuti ipulumutse zina. Zifukwa zina n'zakunja: netiweki yaduka pakati pa ntchito, diski yadzaza, magetsi athima. Chomalizachi Amalawi akuchidziwa bwino. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kudakula kwa nthawi yoposa chaka. Batire limathandiza, koma nalo limatha ndi kukalamba.

Mu 1985 katswiri wina wa ku America, Jim Gray, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Tandem Computers, adafufuza chomwe chimaimitsa makompyuta. Mfundo yake yomwe idatchuka ndi yakuti zolakwika zambiri zomwe zimatsalira m'mapulogalamu okhwima n'zongodutsa. Zimabuka zinthu zingapo zikakumana mwangozi panthawi imodzi, ndipo ntchito yomweyo ikayambidwanso, kawirikawiri imayenda bwinobwino. Apa ndiye pagona nzeru yonse ya kudzutsa pulogalamu. Si ulesi wa akatswiri ayi. Ndi kuzindikira kuti pulogalamu yoyambanso kuchokera pachiyambi imakhala pamalo odziwika, pomwe yomwe yasokonezeka koma ikupitirizabe ikhoza kuononga zambiri.

Akatswiri a kampani ya matelefoni ya Ericsson ku Sweden adamanga chiyankhulo chonse cholembera mapulogalamu pamfundo imeneyi. Chiyankhulochi, cha Erlang, chidayamba mu 1986, ndipo mmodzi mwa ochiyambitsa adali Joe Armstrong. M'malo moyesa kuteteza kagawo kalikonse ku vuto lililonse, iwo adati kagawo kakasokonezeka kalekeni kagwe, bola pakhale kena kokayang'anira ndi kukadzutsa.

Mlonda ndi malamulo ake

Pulogalamu yomwe yagwa siingadzidzutse, monga momwe munthu wokomoka sangadzithire madzi. Pamafunika ina yoima pambali ngati mlonda. Pa makompyuta ambiri a Linux masiku ano mlondayo ndi systemd, yomwe Lennart Poettering ndi Kay Sievers adaitulutsa mu 2010, ndipo Ubuntu idayamba kuigwiritsa ntchito mu 2015.

Mlonda amadziwa m'njira ziwiri kuti zinthu zalakwika. Yoyamba n'njosavuta: pulogalamu ikafa, kompyuta imamuuza, ndipo imamuuzanso ngati yatha mwamtendere kapena yagwa. Yachiwiri ndi ya pulogalamu yomwe siidafe koma yauma, yosayankha kanthu. Yotere imalamulidwa kuti izipereka chizindikiro pakapita nthawi yoikika, ndipo chizindikirocho chikapanda kufika, mlonda amaipha n'kuyatsa ina.

Pali mfundo yomwe oyang'anira maofesi ayenera kuidziwa. Mlondayu sadzutsa pulogalamu iliyonse mwa iye yekha. Mu systemd, lamulo lomwe limakhalapo ngati munthu sadasinthe kanthu ndi lakuti yagwa yagwa. Woika makinawo ayenera kulemba yekha kuti pulogalamu yakuti izidzutsidwa ikagwa. Ndi mzere umodzi wokha, koma ukaiwalika, seva ya pachipatala cha kumudzi ikhoza kukhala chiyakire, nyali zake zikuphethira, pomwe ntchito yomwe idaikidwira idaima kalekale.

Kudzutsa kukasanduka vuto

Si vuto lililonse lomwe limadutsa. Ngati diski yadzaza, pulogalamu idzagwa, idzadzutsidwa, idzapeza diski ikadali yodzaza, n'kugwanso. Mlonda wopanda malire akhoza kubwereza zimenezi kambirimbiri pa mphindi imodzi, n'kutopetsa kompyuta yonse mpaka mapulogalamu ena omwe adali bwino nawo kuyamba kutsimphina.

Mbiri ili ndi umboni. Pa 15 Januwale 1990, matelefoni oimbira kutali a kampani ya AT&T ku America adasokonezeka kwa maola pafupifupi 9. Makina amodzi olumikiza matelefoni ku New York adadziyatsanso monga adakonzedwera, ndipo atadzuka adatumiza mauthenga kwa anzake. M'malamulo olandirira mauthengawo mudali cholakwika, choncho makina olandirawo nawo adagwa, adadzuka, n'kugwetsa anzawo. Makina 114 adakhala akugwetsana motero. Pa 19 Julayi 2024, fayilo yolakwika yomwe kampani ya CrowdStrike idatumiza idagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi kampani ya Microsoft. Ambiri ankati akayaka n'kugwanso pomwepo, ndipo padafunika anthu kuti akachotse fayiloyo pamanja. Maulendo a ndege adaimitsidwa ndipo zipatala ndi mabanki m'maiko ambiri zidavutika.

Pachifukwa ichi, mlonda wabwino amawerenga. Mwa lamulo lake la masiku onse, systemd imadikira gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi isanadzutse pulogalamu, ndipo ikaona kuti yayatsa pulogalamu yomweyo kasanu m'masekondi 10, imasiya. Alonda ena amatalikitsa nthawi yodikira: pulogalamu ya Kubernetes, yomwe imayendetsa maseva ambiri pamodzi, imayamba ndi masekondi 10, kenako 20, kenako 40, mpaka kufika mphindi zisanu. Nzeru yomweyi imapezeka panthambo za magetsi. Nthambi ya mtengo ikakhudza nthambo kukuomba mphepo, chida china chimadula magetsi n'kuwabwezeretsa patapita kanthawi, ndipo ndicho chifukwa chake nthawi zina magetsi amangophethira. Koma chikayesa kangapo vuto likadalipo, chimatsekeratu, poti mwina nthambo yagwera pansi pomwe pakudutsa anthu.

Zomwe wakugwa wasiya

Vuto lachiwiri n'lobisika kuposa loyamba. Pulogalamu imagwa ili pakati pa ntchito, ndipo yodzutsidwayo imapeza ntchito yosatha. Aliyense wodziwa chigayo amamvetsa zimenezi: magetsi akathima chimanga chili m'kati, woyendetsa chigayo sayatsa mwachisawawa akabwera. Amayamba watsegula n'kuchotsa zomwe zatsamwa, apo ayi mota ipsa.

Git idakonzedwa mosamala pankhaniyi. Ikafuna kusintha fayilo yake yofunika yotchedwa index, siilemba pamwamba pa yakaleyo. Imatsegula fayilo ina yotchedwa index.lock, n'kulembamo zonse, ndipo ikamaliza m'pomwe imaika yatsopanoyo m'malo mwa yakale, kamodzin'kamodzi. Magetsi akathima pakati, yakale ija imakhala yosakhudzidwa. Fayilo ya index.lock imagwiranso ntchito ngati loko wa pachitseko, wouza ena kuti m'katimo muli wina akugwira ntchito.

Koma mwini loko akafa mwadzidzidzi, lokoyo amatsala pachitseko. Git yotsatira ikamupeza imakana kupitiriza, ndipo imauza munthu kuti atsimikize kaye kuti palibe ina yomwe ikugwira ntchito, kenako achotse fayiloyo yekha. Ngakhale mlonda adzutse pulogalamuyo ka 100, yankho lidzakhala lomwelo. Ena amaona ngati uku n'kuuma mutu kwa Git, ndipo amalamula kompyuta kuti izichotsa loko aliyense yemwe yamupeza. Kutero n'kuika mbiri yonse pachiswe, chifukwa tsiku lina mwini lokoyo adzakhala ali moyo, ndipo awiri adzalemba pamalo amodzi nthawi imodzi. Subversion nayo ili ndi lamulo lake lotchedwa cleanup, lomalizitsa kapena kukonza ntchito yomwe idadukira panjira.

Apa m'pomwe pali kusiyana pakati pa antchito a kuseri aja. TSVNCache ndi fsmonitor sasunga chuma chenicheni. Zomwe amadziwa zikhoza kupezekanso pongowerenga mafayilo, choncho kuwadzutsa n'kosaopsa. Ndipo fsmonitor ili ndi khalidwe loyenera kutengera: ikadzuka, siinamizira kuti ikudziwa zomwe zidachitika ili chigonere. Git ikaifunsa za nthawi imeneyo, imayankha kuti iwerengenso mafayilo onse. Ntchito imachedwa kamodzi, koma yankho limakhala loona. Pulogalamu yomwe imalemba zinthu zosabwezereka, monga mbiri ya mapulogalamu kapena ya odwala, imafuna kusamala koposa pamenepa, chifukwa funso silakuti idzuke msanga bwanji, koma lakuti ikadzuka ipeza zotani.

Kugwa kosalembedwa

Vuto lachitatu limabwera kudzutsako kukamayenda bwino kwambiri. Pulogalamu ikhoza kumagwa kawiri patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, mlonda n'kumaidzutsa m'kuphethira kwa diso, wogwiritsa ntchito osazindikira kanthu. Chomwe chikuigwetsa chimakhala chikukula, kaya ndi diski yomwe yayamba kufa kapena batire lomwe latha mphamvu. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma pamakompyuta nthawi zambiri chimaimba ndithu, kungoti mlonda wachangu amaitseka pakamwa ng'omayo.

Mankhwala ake ndi kulemba. Systemd imasunga kaundula wa nthawi yomwe pulogalamu iliyonse idagwa ndi uthenga womwe idasiya. Wosesa wa Git uja amapitirira pamenepo. Akalephera ntchito yake kuseri, amalemba chifukwa chake mu fayilo yotchedwa gc.log. Git ikafuna kumuyatsanso n'kupeza fayiloyo, imaonetsa munthu uthengawo m'malo mobwereza ntchito yolepherekayo, ndipo imayesanso pokhapokha papite tsiku limodzi kapena munthu achotse fayiloyo. M'kachitidwe kamodzi kameneka muli zonse zitatu: kuyesanso, malire, ndi kuuza munthu.

Komabe kaundula wosawerengedwa n'chimodzimodzi kusakhalapo. Seva ya pachipatala cha kumudzi ikhoza kulemba mokhulupirika kugwa kulikonse, koma ngati zolembazo zimathera m'kabati momwe sevayo imakhala, katswiri wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe adzazidziwa tsiku lomwe makinawo afa kotheratu. Uthenga wofunika kutumizidwa ndi waung'ono, wosaposa meseji ya pafoni, ndipo ukhoza kudikira kufikira netiweki itabwera. Chomwe chimasowa kawirikawiri si luso, koma munthu yemwe adapatsidwa udindo wowerenga ndi ndalama ya mafuta yoti afikire pamalopo.

Mafunso oyenera kufunsa

Mkulu wa chipatala, wa sukulu kapena wa ofesi ya khonsolo safunika kudziwa kulemba mapulogalamu kuti ateteze ntchito yake. Pomwe akatswiri akuika makina, iye akhoza kufunsa mafunso anayi. Kodi pulogalamuyi ikagwa, kapena magetsi akathima n'kubwera, iyamba yokha? Ikalephera kangapo, isiya liti, ndipo ogwira ntchito pano adziwa bwanji kuti yasiya? Kodi zomwe zinkalembedwa panthawi yomwe idagwa zimatsala zathunthu, ndipo kope lina la zonsezi limasungidwa kuti? Nanga kaundula wa kugwa kwake amawerenga ndani, kangati pamwezi?

Woika makina yemwe adaganizapo bwino amayankha mafunsowa mosavuta, ndipo akhoza kuonetsa poyera, pozimitsa dala pulogalamuyo anthu akuona n'kudikira kuti idzuke. Kuyesa kotere kumatenga mphindi zochepa, ndipo n'kwabwino kuchitike tsiku loika makinawo, katswiri asadakwere galimoto kubwerera kumzinda.

Kwa wodwala yemwe wayenda mtunda wautali kudzalandira mankhwala pachipatala china m'boma la Phalombe, kusiyana kwa makina odzidzutsa ndi odikira munthu ndi kusiyana kwa kudikira mphindi imodzi ndi kubwerera ku mapepala kwa masiku angapo, zomwe pambuyo pake zimafuna wina akhale pansi kuzilowetsanso m'kompyuta. Phindu limeneli n'lalikulu, ndipo mtengo wake ndi mizere yochepa ya malamulo. Chomwe kudzutsako kumapereka ndi nthawi yoti katswiri afike ntchito isadaime. Chomwe chidagwetsa pulogalamuyo chimakhala chikadalipo, ndipo chimadikira munthu woti adzawerenge kaundula uja n'kuchikonza.